Zimene Hamidu Anauza Makina

A Mwanahalima anali akupinda mikeka yobwereka pamene njinga ziwiri zinakhotera pabwalo pawo. Linali tsiku lachinayi chiikireni m'manda mwana wawo Hamidu. Sadaka inali itachitika dzulo lake, achibale akutali anali atakwera matola awo, ndipo chotsala pakhomopo chinali phulusa, mbale zosadziwika mwini wake ndi msana wowawa. Alendo ena sanali kuwafuna.

Wotsogola anali a Paison, tcheyamani wa komiti ya alimi pa sikimu ya mpunga. Wotsatira anali Maness, mlembi wa ku ofesi ya sikimuyo, amene ankagwira ntchito chipinda chimodzi ndi Hamidu. Anapepesa monga mwa mwambo, ndipo a Mwanahalima anayalanso mkeka umene anali atangoupinda kumene.

"Tabwera ndi kankhani, amake Hamidu," anatero a Paison.

"Kankhani kofuna njinga ziwiri?"

A Paison anayang'ana Maness. Maness anayang'ana zala zake.

Nkhani yake inali ya makina. Chaka chimene boma linasintha, azungu a pulojekiti anasiya sikimu m'manja mwa alimi, nasiyanso kompyuta imodzi mu ofesi. Pa anthu onse a ku Liwaladzi ndi midzi yozungulira, wotha kuyankhula nayo anali Hamidu yekha. Tsiku lililonse asanaweruke ankayeza madzi m'ngalande yaikulu, n'kukauza makinawo, ndipo iwo ankatulutsa pepala la mawa lake: munda wakuti ulandira madzi nthawi yakuti, wakuti nthawi yakuti. Pepalalo ankalimata pachitseko. Chiyambire matipate aliyense anali bwana, panalibe womvera mnzake, koma pepala lija ankalimvera, poti makina alibe mlamu.

Tsopano Hamidu anali atapita. Malungo anamugwira Lachinayi, Loweruka anthu anali kumanda.

"Chichokereni iye pepala silinatuluke," anatero a Paison. "Dzulo pa geti anthu awiri a mimba imodzi anatulutsirana makasu."

"Ine ndili ndi dzina langa lolowera, amayi," anatero Maness. "Ndikalowa ndikulemba mawu omwewo ankalemba a Hamidu, ndinkawaonerera tsiku ndi tsiku. Koma ikundiyankha kuti chimene ndikufunacho sikuchidziwa."

"Ndiye ndichidziwe ine?"

"Timati kapena anasiya mawu awo achinsinsi olowera. Pa kapepala, m'kope, kapena anauza akazi awo."

"Mwana wanga tsiku lomalizalo sankadziwa ngakhale dzina lake."

A Paison anavula chipewa, nachiika pabondo.

"Tisazungulire. Anthu akuyankhula. Akuti makina omvera munthu mmodzi ndiye kuti munthuyo anawatseka dala, ndipo munthu sakiya nyumba yopanda kanthu. Munda wanu uja, nambala 47, munaulandira chaka chomwe iye anayamba ntchito."

"Ndinaulandira pa mzere, dzuwa likundiwotcha, inu muli pomwepo ndi cholembera m'khutu."

"Sindikukana. Koma komiti yagwirizana. Lachisanu kubwera munthu wa makina kuchokera ku Lilongwe. Akapeza kuti mwana wanu ankakometsa za kwawo, mundawo ubwerera ku sikimu."

A Mwanahalima anaona m'maganizo mpunga wawo umene anali atauwokera masabata awiri apitawo. Munda umenewo ndiwo unali kudya kwa nyumba yonse: iwo, Maimuna mkazi wa Hamidu, ndi kamwana ka miyezi isanu ndi itatu, Ummy. Malipiro a ku ofesi anali atapita pamodzi ndi mwini wake.

"Kukometsa," anatero. "Zaka ziwiri ine madzi ndimalandira womaliza, masana, m'ngalande mutatsala matope. Kukondera kwake n'kumeneko, a Tcheya?"

"Womaliza alibe womudikira kumbuyo. Akhoza kuthirira mpaka nkhuku kulowa."

"Geti amatseka faifi koloko, ndipo makiyi ali ndi mlamu wanu."

"Ife tangobwera kudzanena."

Atapita, a Mwanahalima anapindanso mkeka uja, kachiwiri.

Maimuna anali atamva zonse ali kuchipinda. Anali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye amakhala pakhomo, choncho za ku ofesi sakanapitako. Anatulutsa sutikesi ya mwamuna wake kunsi kwa bedi, ndipo awiriwo anayala makope pansi. Pa onse awiri panalibe wowerenga Chingelezi, ndiye anaitanitsa a Abasi, mlongo wawo wa a Mwanahalima, mwini mbumba, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki ku Dwangwa.

A Abasi anavala magalasi, natembenuza masamba mmodzi mmodzi, akunyowetsa chala. Munali manambala, zojambula za ngalande, mawu achingelezi osagwirizana. Mawu achinsinsi munalibe.

"Achemwali," anatero potseka kope lomaliza, "bwezani mundawo nokha. Mawa m'mawa. Munthu akabweza yekha, mlandu umathera pomwepo. Akakatsegula pamaso pa anthu n'kupezamo kanthu, dzina la mwana lija sitidzalitsukanso."

"Ndiye inu mukuganiza kuti muli kanthu."

"Ine sindikuganiza chilichonse. Ndikungoti anali mwana wa munthu. Ndani sakonda mayi ake?"

"Ameneyo. Kangati ndinamupempha kuti andisinthire nthawi? Yankho lake linali limodzi: ndi makina, amayi. Ndikati makinawo ndiwe ukuwagwira, iye n'kumangoseka. Mwamva Maimuna, ndikunama?"

"Simukunama, amayi," anatero Maimuna, akugwedeza mwana. "Koma nkhani imeneyi mukaiyamba, iwo ankatuluka kukakonza njinga. Ngakhale njingayo ili bwinobwino."

A Mwanahalima sanadziwe kuti mawu amenewo akuthandiza mbali iti.

"Munda sindibweza," anatero pomaliza. "Ummy akayamba kuyenda adzadya dzina?"

Lachitatu zinthu zinasokonekera kwina. Maness anapalasa njinga mpaka pa boma kukaimba foni ku Lilongwe. Munthu wa makina uja anamutchulira mizere ingapo, iye akulemba pa envelopu, mpaka ndalama zoponya mu foni zinatha mawu ali pakati. Atabwerera analemba mizere ija pa kompyuta, ndipo pulinta inayamba kulira. Pepala linatuluka. Anthu anathamangira kuchitseko ngati kwabwera feteleza.

Amene anadzawauza a Mwanahalima anali Keti, mwini munda woyandikana ndi wawo, mayi wa pakamwa pake.

"Mawa mudzuke, anzanga. Seveni koloko. Muli pa nambala yachitatu."

"Wawerenga bwino iwe?"

"Folo ndi seveni ndimazidziwa. Mwana wanu ngakhale uko aliko akukukumbukirani."

M'mawa mwake anafika kumunda mame asanaume. Ngalande inali yodzaza mpaka m'milomo, madzi ozizira, oyera, amene iwo ankangowaona akupita kwa ena. Anaima ndi khasu pa mlomo wa munda wawo, osatsegula. Kutsidya kwa mgula anthu anali ataweramira pa mpunga wawo, koma a Mwanahalima ankadziwa kuti maso onse ali pa iwo. Akatsegula, anthu anena kuti taonani. Akapanda kutsegula, anena kuti akudziwa chimene anachita. Nanga zinatheka bwanji? Mwana ali moyo anawakaniza zaka ziwiri, wamwalira ndiye madzi a m'mawa awa.

Mpunga sudziwa za maliro. Anagumula dothi, madzi analowa, ndipo kwa nthawi yoyamba ngodya ya kumtunda, imene ankaithirira ndi ndowa, inamira yokha. Sanasangalale.

Pofika masana nkhani ina inali itafika. Maness anali atayatsa makina, kulowa ndi dzina lake monga dzulo, kulemba mawu oitanira pepala, ndipo makina anayankhanso kuti sakudziwa. Zadzulo zonse anali ataiwala. Envelopu ija a Paison anali ataitsekera m'kabati kuti ndi umboni, ndipo analetsa kuti wina asakhudzenso kanthu mpaka Lachisanu.

Tsopano m'mudzi munali nkhani ziwiri. Ena ankati Hamidu akubwera kudzatsegulira mayi ake madzi. Ena ankati akubwera kudzatsekanso makina ake. Ena ankanena zonse ziwiri osaona kuti zikutsutsana. A Mwanahalima ankadziwa kuti womwalira ali ndi mafunso ake oyankha m'manda, alibe nthawi ya ngalande. Komabe popemphera swala masana aja anasokoneza mawerengedwe, nayambiranso kawiri.

Lachisanu m'mawa a Abasi anabwera atavala kale mkanjo wa kumzikiti, nati tiyeni, zikathere komweko. Mu ofesi munali mutadzaza a komiti, ena atatsamira pa matumba a mbewu, ena akusuzumira pazenera. A Mwanahalima anawapatsa mpando pafupi ndi chitseko. Aka kanali koyamba kulowa m'chipinda chimene mwana wawo ankakhalamo tsiku lonse. Anayembekeza chinthu chachikulu. Anapeza kabokosi kotuwa ngati wayilesi ya kanema, galasi lakuda, zilembo zobiriwira, ndi mpando wa mwendo womangidwa ndi waya.

Munthu wa ku Lilongwe anali a Grey, bambo woonda, malaya atada ndi fumbi la basi. Anawapepesa a Mwanahalima ndi manja awiri, nati Hamidu ankamudziwa, anaphunzira limodzi sabata ziwiri. Kenako anakhala pampando uja, nafunsa Maness kuti aonetse chimene chikuchitika. Maness analowa, analemba, makina anakana. A Grey anagwira pamphumi.

"Cholakwa ndi changa, achemwali. Foni inaduka ndisanamalize."

"Tiuzeni tonse," anatero a Paison. "Mwachichewa."

"Makina awa, munthu akalowa ndi dzina lake, amakhala ngati waganyu watsopano. Sadziwa kuti khasu lili kuti, munda uli kuti. Umayenera kuwauza: pulogalamu ya madzi ukaipeze uku, mayina a minda ali uku, pepala litulukire uku. Lachitatu achemwaliwa anawauza zimenezo, ndipo anamva. Koma zouzidwa choncho amazisunga pokhapokha munthuyo ali mkati. Akatuluka, zapita. Mawa kwabwera waganyu wina."

"Nanga Hamidu ankawauza tsiku lililonse?"

"Ayi. Pali kafayilo kamodzi kamene makina amawerenga okha nthawi iliyonse munthu akalowa, asanachite china chilichonse. Aliyense ali ndi kake. Ukalemba mmenemo, walemba kamodzi basi. Ka achemwali a Maness mulibe kanthu. Ka Hamidu ndiye muli zonse."

"Ine sindinakaonepo," anatero Maness. "M'mndandanda wa mafayilo mulibe."

"Simungakaone. Dzina lake ndi .profile, limayamba ndi kadontho. Fayilo ya dzina loyamba ndi kadontho imabisika, sioneka pokhapokha utachita kuifunsa."

M'chipindamo munamveka kamphepo ka anthu opumira limodzi. A Paison anatembenukira kwa a komiti anzawo.

"Mwamva nokha. Yobisika."

"Ayi, a Tcheya, si kuti anabisa iye. Makina onse a mtundu uwu ndi choncho, kulikonse."

"Ndiye kuti onse amabisa."

"Sikubisa kwa kuba. N'kungoti isamasokoneze maso."

"Ngati si kwa kuba, itulutseni tiione."

A Abasi anawerama n'kunong'oneza m'khutu mwa mlongo wawo kuti nthawi ikadalipo, akhoza kuimirira n'kunena kuti munda aubweza. A Mwanahalima anangoyang'ana galasi lakuda lija. Mawu akuti yobisika anali atawalowa iwonso. Anakumbukira njinga ija yokonzedwa ili bwinobwino. Mwana anamubala okha, anamuyamwitsa okha, koma zimene ankalemba pa galasi lakudali sakanalumbira.

"Tulutsani," anatero. "Ndili ndi chinangwa pamadzi, ndikufuna kupita."

A Grey anali ndi dzina lolowera la woyang'anira makina, lotsegula za aliyense. Anagogoda mabatani, pulinta inalira, pepala limodzi lokha linatuluka, losadzaza n'komwe. A Paison analilanda, naliyang'ana, nalitembenuza, kenako analibweza.

"Werengani ndinu. Mzere uliwonse. Osadumpha."

"Mizere ili mitundu iwiri," anatero a Grey. "Iyi yoyamba ndi kachizindikiro konga mpanda, makina saiwerenga. Ndi ya anthu. Munthu amalembapo zokumbutsa. Hamidu analemba m'Chichewa." Anakonza kukhosi. "Woyamba akuti: Wodzakhala pano pambuyo panga, werenga izi usanandinyoze."

Wina pazenera anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

"Wotsatira ndi wa makina. PATH. Apa akuwauza njira, kumene kuli pulogalamu ya madzi. Ndi womwewo ndinawatchulira achemwali pa foni. Kenako MINDA, akuwauza kumene kuli mayina a minda yonse. Pamwamba pake walemba kuti: Ukasintha apa, pepala lituluka lopanda kanthu, ndinayesa kale. Wotsatira ndi wa pulinta."

"Pitirizani."

A Grey anatsitsa chala pa mzere wotsatira, maso ali papepala.

"Uwu sindinawatchulire pa foni, chifukwa sindinkaudziwa. Ndi wake wa Hamidu, anachita kuupanga yekha." Anatembenuza pepala kuti a Paison aone, chala chili pamzerepo.

WOMALIZA=47

"Nayo nambala ija," anatero wina wa komiti. "Sitinanene?"

"Ukutanthauza chiyani?" anafunsa a Paison.

"Pulogalamu imasakaniza minda kuti aliyense nthawi zina akhale woyamba, nthawi zina wapakati. Mzere uwu ukuiuza kuti munda umodzi usalowe m'kusakanizako. Uzikhala kumapeto. Lachitatu mzerewu panalibe, n'chifukwa chake 47 inagwera pa nambala yachitatu. Palibe anabwera kuchokera kulikonse." Anayang'ana a Mwanahalima. "Pali mawu pamwamba pake. Ndiwerenge, amayi?"

"Anakuuzani kuti osadumpha."

A Grey anawerenga pang'onopang'ono.

"Munda 47 ndi wa amayi anga. Uzikhala womaliza nthawi zonse, maola ake awiri monga wina aliyense, kuti pasadzapezeke wonena kuti pepala ili limakondera. Anthu akasiya kulikhulupirira aphana pa geti. Amayi sakudziwa. Musawauze, amalongolola."

Palibe anaseka. Kunja mbuzi inali kudya mankhusu pakhonde, ndipo kutafuna kwake kunamveka m'chipinda monse.

A Mwanahalima anakhala chikhalire, manja ali pamiyendo. Anaona masana onse aja: dzuwa la Okutobala lili paliwombo, ngalande itaphwa, iwo akutunga matope ndi ndowa kupita nawo ku ngodya ya kumtunda, maulendo makumi awiri, makumi atatu. Madzulo mwana n'kubwera ku ntchito malaya oyera, n'kuwafunsa kuti mwaswera bwanji amayi. Nthawi zina Loweruka ankawalanda ndowa n'kutunga yekha, iwo n'kumati ndi mwana wachifundo.

"Werenganinso pomalizapo," anatero.

"Musawauze, amalongolola."

"Mwana wopanda ulemu."

Mawu anatuluka osweka. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya mpango, mwamphamvu, ngati akuchotsa thukuta. Kenako anayang'ana a Paison.

"Zaka ziwiri ndinkatukwana inu, a Tcheya. Ndimati ndinu mukundiika kumapeto."

"Ndinkamva, amake Hamidu. Mphepo ya kumunda imanyamula mawu." A Paison anazunguza chipewa m'manja. "Komiti sinanene kuti mwana anaba. Timati tione."

"Mwaona?"

"Taona."

"Munda?"

"Ndi wanu. Maness, lemba m'buku la msonkhano kuti nkhaniyi yatha."

Uja anati sitinanene anali atayamba kuwerenga matumba a mbewu ndi maso. A pazenera anayamba kuchoka mmodzi mmodzi, aliyense akuthamangira kukakhala woyamba kufotokoza.

A Grey anaitana Maness kuti akhale pampando, alembe ndi manja ake. Anatsegula kafayilo kake kopanda kanthu kaja, ndipo iye anakopera mizere ya Hamidu umodzi umodzi. A Grey anamuonetsa mzere wapansi, woyamba ndi mawu akuti export, nati ameneyo asadzaiwale, ndiye amapereka zonsezi kwa pulogalamu. Popanda iye makina amadziwa koma sauza aliyense. Atafika pa mzere wa 47, Maness anachotsa zala pa mabatani.

"Uwu ndilembe?"

A Grey anayang'ana a Paison. A Paison anayang'ana pansi. Anayankha ndi a Abasi.

"Lembani. Ndi mawu a womwalira. Tiwalemekeze, achemwali, anthu aone kuti banja lathu ndi lotani."

"Ndowa mudzanyamula ndinu, achimwene?"

"Sindikunena zimenezo."

"Iye anali ndi chifukwa chake, ankagwira makina. Ine ndikugwira chiyani? Womwalira sadya mpunga. Mkazi wake ndi mwana wake ndiwo adye." Anatembenukira kwa Maness. "Usalembe, mwanawe. Usandiike patsogolo, usandiike pambuyo. Ndigwere pamene ena akugwera."

Maness anadumpha mzerewo. A Grey anamuuza kuti atuluke, azimitse makina, ayatsenso, alowenso, kuti onse aone. Anatero. Analemba mawu aja oitanira pepala, ndipo pulinta inalira popanda kuuzidwa china. A Paison analitenga pepalalo, nalisanthula kuyambira pamwamba.

"Mawa, leveni koloko," anatero. "Nambala yachisanu."

"Zili bwino."

Nthawi ya kumzikiti inali itayandikira. Amuna anayamba kutuluka, a Abasi patsogolo, osayang'ana kumbuyo. A Grey anafunsa za basi yobwerera. A Mwanahalima anapempha pepala la Hamidu lija, kuti Maimuna akalimve yekha akapeza womuwerengera, ndipo analipinda kanayi n'kulimanga pa nsonga ya chitenje. Anadzuka movutikira, dzanja lili pa bondo.

"Panatsala mzere umodzi, amayi," anatero Maness. "Wapansi penipeni. Akuti: Ukamaliza phimba makina, fumbi la mankhusu limalowa."

Anatsegula dirowa, natulutsa nsalu, naiyala pamwamba pa kompyuta. Inali ya maluwa achikasu pa buluu, yofwifwa pakati. A Mwanahalima anaima pakhomo. Chinali chitenje chawo, chimene anagula pa boma chaka cha referendamu, n'kungochivala kawiri. Chinasowa pa chingwe tsiku lina, ndipo iwo sanayankhulane ndi Keti mwezi wathunthu. Tsopano chinali chitadulidwa n'kusokedwa ngati chisoti, ngodya zinayi zolingana ndi bokosilo, ulusi wake wa ukonde, misoko ing'onoing'ono yothinana, ya munthu amene anasoka n'kumasula mpaka zitakhala bwino.

"Nachonso ichi," anatero.

Ngodya imodzi inali itapindika, galasi likuoneka pang'ono. Anabwerera, naikoka, naisalaza ndi chikhatho mpaka inakhala mmene mwini wake anaisokera.